Nsabwe, ndende ndi makapisozi awiri: m'mene mankhwala a typhus anapezekera

Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ku Burundi, m'zaka za m'ma 1990, matenda otentha thupi analowa m'ndende za dzikolo, kuyambira ya ku Ngozi, kumpoto. Pa akaidi 100 aliwonse amene ankadwala, 15 ankamwalira. Azaumoyo atazindikira kuti ndi typhus yofala ndi nsabwe, anayamba kupereka antibayotiki wotchedwa doxycycline, mamiligalamu 200 kamodzi kokha, kwa aliyense woganiziridwa kuti wadwala. Imfa zinatsika mpaka kufika pa munthu mmodzi pa odwala 200.

Mamiligalamu 200 amenewa ndi makapisozi awiri basi a mankhwala omwe aja amaperekedwa kwa odwala matenda opatsirana pogonana, omwenso akuluakulu ambiri anamwa pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. M'mafamase a m'tauni ya Zomba muno sasowa, ndipo mtengo wake suthyola msana. Ndiye funso lakuti kodi typhus ili ndi mankhwala linayankhidwa kalekale. Chimene kafukufuku wa zaka zoposa 70 waonetsa n'chakuti matendawa samva antibayotiki aliyense. Ali ndi ake, ndipo amene timathamangira kumwa thupi likatentha ndi omwe aja sagwira.

Nsabwe zake ndi ziti

Mayina awiri amasokoneza anthu, ngakhale ophunzira. Typhoid, imene ana athu analandira katemera wake mu May 2023, imabwera ndi bakiteriya wa Salmonella Typhi kudzera m'madzi ndi chakudya chokhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Typhus siyendera madzi akumwa. Imayenda ndi tizilombo toluma, ndipo ilipo ya mitundu ingapo: ya utitiri wa makoswe, ina ya ku Asia yofala ndi tinthata ta m'tchire, ndi iyi ya nsabwe, imene imabuka ngati mliri n'kugwetsa anthu zikwizikwi pa nyengo imodzi.

Nsabwe zake si za m'mutu zimene ana amapatsirana kusukulu. Izi zimakhala m'zovala. Mukatembenuza buluku kapena malaya a munthu amene ali nazo n'kutambasula msoko wa m'chiuno, wa m'khwapa kapena wa pakolala, mumazipeza zitandanda m'mphepete mwa ulusi, zotuwa, pamodzi ndi timazira toyera tomatirira ku nsalu. Zimatsikira pakhungu kukayamwa magazi kangapo patsiku, zikakhuta n'kubwerera mumsoko. Mazirawo amaswa pakatha sabata kapena kuposerapo pang'ono. Munthu wosintha zovala n'kumazichapa sabata iliyonse sazisunga. Zimaswana pamene anthu akugona mothithikana, atavala zomwezo usana ndi usiku, kukuzizira, sopo ndi madzi zikusowa.

Kuluma kwenikweniko sikupatsira matenda. Nsabwe ikamayamwa imachitanso chimbudzi pomwepo, ndipo tizilombo ta typhus, totchedwa Rickettsia prowazekii, timakhala m'ndowezo. Munthu akamva kuyabwa n'kukanda, amadzipakira yekha tizilomboto pabala. Ndowezo zikauma zimasanduka fumbi, tizilombo tili tamoyobe kwa milungu yambiri, moti wokutumula bulangete la wodwala akhoza kulipuma fumbilo kapena kulilowetsa m'maso. Nayonso nsabweyo siipulumuka. Tizilombo timaboola matumbo ake, imafiira ndi magazi amene yayamwa, n'kufa mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma isanafe imakhala itasamuka, chifukwa nsabwe siikhala pa thupi lotentha kwambiri kapena pa thupi lozizira la maliro. Wodwala akatentha, nsabwe zake zimapita kwa wogona naye pafupi.

M'thupi la munthu, tizilomboti timalowa m'maselo amene amayala mkati mwa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, n'kuswana momwemo mpaka selo kuphulika. Timitsempha timatupa, timachucha, tina timatsekeka. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chitengere matendawa, munthu amangogwa mwadzidzidzi: thupi kutentha kufika madigiri 39 kapena 40, mutu kuwawa kosamva panado, minofu kuphwanya. Ku Burundi odwala ankayenda chowerama ndi kukhala chonjuta chifukwa cha ululu wa miyendo, moti matendawo anthu anawatcha sutama, kutengera kakhalidwe kameneko. Ena amatsokomola. Matenda akakula munthu amabwebweta, amakomoka, ndipo ena zala zimada n'kuola chifukwa magazi sakufikako. Popanda mankhwala, pa odwala 100 amamwalira 10 mpaka 60, malingana ndi msinkhu komanso njala. Okalamba ndi amene amapita kwambiri.

Mabuku a zachipatala amatchula timadontho tofiira totuluka pachifuwa ndi m'khwapa cha pa tsiku lachisanu, tofalikira ku mikono ndi miyendo koma kusiya nkhope, zikhatho ndi mapazi. Mabukuwo analembedwa poyang'ana khungu la azungu. Pa khungu lathu timadonthoto sitioneka msanga, ndipo ku Burundi tinaoneka mwa wodwala mmodzi yekha pa anayi aliwonse. Dokotala wodikira timadontho adikira mpaka maliro.

Amene anatulukira kuti nsabwe ndizo zimafalitsa anali Charles Nicolle, ku Tunis, mu 1909. Anaona kuti odwala ankapatsira anthu kunyumba, panjira, ngakhalenso ochapa zovala pachipatala, koma akangosambitsidwa n'kuvekedwa zovala zina, sankapatsiranso aliyense m'wodi. Analandira mphoto ya Nobel mu 1928. Dzina la kachilomboka likukumbutsa anthu awiri amene kanawapha akukafufuza: Howard Ricketts, yemwe anafera ku Mexico City mu 1910, ndi Stanislaus von Prowazek, yemwe anadwala ali pa ntchito kumsasa wa akaidi a nkhondo ku Cottbus, ku Germany, mu 1915. Mnzake wa Prowazek, Henrique da Rocha Lima wa ku Brazil, anadwalanso koma anachira, ndipo ndiye anakapatsa dzinalo mu 1916. Zaka zomwezo typhus inapha anthu pafupifupi 150,000 ku Serbia, ndipo ku Russia pakati pa 1918 ndi 1922 inapha pafupifupi 3 miliyoni.

Mankhwala amene anakanika

Asanapeze mankhwala ochiza, anthu analimbana ndi nsabwe komanso kuyesa katemera. Rudolf Weigl, ku Lwów (lero ndi Lviv, ku Ukraine), ankaweta nsabwe m'timabokosi tomangirira pa ntchafu za anthu olembedwa ntchito yoziyamwitsa, n'kumapanga katemera kuchokera m'matumbo a nsabwezo. Ku Naples, ku Italy, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, chakumapeto kwa 1943 ndi kumayambiriro kwa 1944, asilikali a mayiko ogwirizana anapopera ufa wopha tizilombo wa DDT m'zovala za anthu oposa miliyoni imodzi, mliri n'kuzilala. Koma kwa munthu amene wagona kale panalibe chomupatsa kupatula madzi ndi chisamaliro.

Mankhwala a sulfa, amene anali odabwitsa m'zaka za m'ma 1930, anayesedwa. Odwala anaipiraipira. Penicillin anabwera, nayenso osathandiza. Penicillin ndi abale ake, monga amoxicillin, amapha bakiteriya pomugumulira khoma akamakula, koma salowa bwino mkati mwa maselo a munthu. Rickettsia sakhala panja. Ali ngati nankafumbwe amene waboola kale njere n'kukhala mkati: kuthira mankhwala pamwamba pa thumba sikumufika. Pafunika mankhwala olowa m'selo, n'kukagwira kachilomboko pamalo pena osati pakhoma.

Kulephera kwa sulfa kunapereka nzeru ina. Sulfa amagwira ntchito potsekereza kanthu kotchedwa PABA, kamene mabakiteriya ambiri amakafuna kuti akule, ndiye ofufuza anaganiza kuti ngati sulfa akulimbikitsa tizilomboti, mwina PABA angatifooketse. Madokotala a bungwe la United States of America Typhus Commission anayesa zimenezi pa odwala ku Cairo mu 1943 ndi 1944. Zinathandizadi pang'ono, masiku otentha thupi anachepa, koma wodwala ankayenera kumwa mankhwala ambiri maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Pa msasa wa anthu zikwi, namwino mmodzi, zimenezo n'zosatheka.

Dothi la ku Venezuela

Streptomycin atapezeka mu 1943 kuchokera ku tizilombo ta m'nthaka, makampani anayamba kusakasaka dothi la kulikonse. Paul Burkholder, katswiri wa zomera ku yunivesite ya Yale, ankalandira timapaketi ta dothi kuchokera m'mayiko osiyanasiyana, mothandizidwa ndi kampani ya Parke-Davis ya ku Detroit. M'dothi lochokera m'munda wina pafupi ndi Caracas anapeza kachilombo kotulutsa madzi olepheretsa mabakiteriya ambiri kukula. Kachilomboko kanatchedwa Streptomyces venezuelae, ndipo mankhwalawo, amene analengezedwa mu 1947, anatchedwa Chloromycetin. Ndi chloramphenicol amene achikulire ambiri kuno akumukumbuka, makapisozi owawa aja ndi jakisoni wa matenda oumitsa khosi.

Joseph Smadel, wa ku sukulu ya zachipatala ya asilikali a America ku Washington, anayesa mankhwalawa pa mazira a nkhuku ndi mbewa zoyera za m'labotale zimene anazipatsa tizilombo ta rickettsia. Mazira ndiwo ankagwiritsidwa ntchito chifukwa tizilomboti sitimera pa mbale ya labotale ngati mabakiteriya ena. Timafuna selo lamoyo. Zotsatira zinali zabwino kuposa chilichonse chimene anali ataonapo.

Kwa anthu, anayamba ndi ku Bolivia. Chakumapeto kwa 1947 typhus inali itabuka kumapiri a dzikolo, ndipo dokotala wa Parke-Davis, Eugene Payne, anapita ndi mankhwala ochepa amene analipo pa nthawiyo. Anakwanira odwala 22. Onse anachira, kuphatikizapo ena amene anali kayakaya. Pa odwala ena 50 amene sanalandire, 14 anamwalira. Kumayambiriro kwa 1948 Smadel anayesanso pa odwala ochepa ku Mexico, kenako iye ndi Theodore Woodward anapita ku Kuala Lumpur, ku Malaysia, kukayesa pa typhus ya tinthata ija, imene inkavutitsa ogwira ntchito m'minda ya raba. Odwala amene akanatentha thupi kwa masabata awiri kapena kuposa ankazizira mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Kumeneko kunachitikanso mwayi: pakati pa odwala amene anabweretsedwa ngati a typhus panali a typhoid, ndipo nawonso anachira. Umu ndi m'mene dziko linapezera mankhwala oyamba enieni a typhoid.

Wowerenga wa lero angafunse kuti anthu 22 ndi kafukufuku wanji. Funsolo n'lomveka. Payne sanachite maere posankha wolandira ndi wosalandira, ndipo iye mwini anali wantchito wa kampani yopanga mankhwalawo. Masiku ano zimenezo sizingadutse. Koma pali matenda ena amene kusiyana kwake kumakhala kwakukulu moti sikufuna masamu ambiri. Munthu amene dzulo ankabwebweta, lero wakhala tsonga akupempha phala, ndipo zikuchitika chimodzimodzi kwa wachiwiri, wachitatu, mpaka wa 22. Zinabwerezedwanso m'mayiko ena ndi madokotala ena. Chimene anthu ochepa chonchi sangaonetse ndi ngozi yochitika kamodzikamodzi, ndipo pamenepo ndi pomwe chloramphenicol anadzapunthwa.

Mildred Rebstock, katswiri wa zosakaniza mankhwala ku Parke-Davis komweko, anatulukira kapangidwe ka mankhwalawa n'kuwapanga m'labotale popanda kuweta kachilombo. Anakhala antibayotiki woyamba kupangidwa wambiri mwa njira imeneyi, ndiye anatchipa, n'kuyamba kugulitsidwa mu 1949. Madokotala anayamba kumulembera pa chimfine, pa zilonda zapakhosi, pa ziphuphu. Pofika 1950 malipoti anayamba kubwera a anthu amene mafuta a m'mafupa mwawo asiya kupanga magazi, ena patapita masabata kapena miyezi atamaliza kumwa. Ambiri mwa iwo anamwalira. Kuwerengera kwa pambuyo pake kunaonetsa kuti zimagwera munthu mmodzi pa anthu 24,000 mpaka 40,000 omwa mankhwalawa, ndipo palibe njira yodziwiratu kuti zigwera ndani. Mu 1959 kunadziwikanso kuti makanda, makamaka obadwa masiku asanakwane, amatuwa n'kufa akapatsidwa mlingo waukulu, chifukwa chiwindi chawo sichinakhwime mokwanira kuchotsa mankhwalawo.

Pali mbali ina yochititsa chidwi imene inadzamveka bwino pambuyo pake. Chloramphenicol amagwira bakiteriya pa kamakina kake kopangira mapuloteni, kotchedwa ribosome. M'maselo athu muli tizigawo topanga mphamvu, ma mitochondria, tokhala ndi ma ribosome ofanana ndi a bakiteriya. Mu 1998 gulu la Siv Andersson ndi Charles Kurland ku Uppsala, m'dziko la Sweden, linawerenga majini onse a Rickettsia prowazekii, 834 okha, n'kuonetsa kuti kachilomboka n'kachibale ka ma mitochondria athuwo. Mankhwala omenya mmodzi amakhudzanso mnzake, n'chifukwa chake womwa chloramphenicol wambiri kwa nthawi yaitali magazi amamuchepera, ngakhale vuto limeneli limatha akasiya. Lakupha lija, losayang'ana mlingo, ndi lina.

Kwa wodwala typhus, ngozi ya mmodzi pa 30,000 ndi yaing'ono poyerekeza ndi matenda opha mmodzi pa asanu. Choncho chloramphenicol sanatayidwe; adakali wachiwiri pamndandanda. Anangopezeka womuposa.

Kamodzi kokha

Mu 1948 Benjamin Duggar wa kampani ya Lederle analengeza Aureomycin, wochokeranso m'dothi, woyamba wa banja la tetracycline. Pfizer anatulutsa Terramycin mu 1950. Onsewa amalowa m'maselo ndipo amagwira ribosome yomweyo, koma mbali ina. Pa typhus ankagwira mofanana ndi chloramphenicol popanda kuwononga mafuta a m'mafupa. Vuto lawo linali lakuti sakhalitsa m'magazi, ndiye wodwala ankamwa kanayi patsiku kwa masiku angapo.

Doxycycline, amene Pfizer anayamba kugulitsa mu 1967, anasintha zimenezi. Amalowa pafupifupi yense kuchokera m'matumbo, amakhalitsa m'thupi moti pakatha maola pafupifupi 18 theka limakhala likadalimo, ndipo salemetsa impso, zimene n'zofunika chifukwa typhus ikakula impso zimafooka. Apa ofufuza anadzifunsa kuti ngati mankhwala akukhalitsa chonchi, kodi kumwa kamodzi sikungakwane?

Yankho linachokera kuno ku Africa, kumene typhus inali isanathe m'mapiri ozizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, madokotala ku Rwanda, komanso Peter Perine ndi anzake ku Addis Ababa, anayesa mamiligalamu 100 kapena 200 kamodzi. Odwala ambiri ankazizira thupi mkati mwa masiku awiri kapena atatu, ndipo owerengeka okha ndiwo matenda ankawabwerera. Ku Ethiopia anaonanso kuti mlingo womwewo umachiza matenda ena a nsabwe, otentha thupi mobwerezabwereza, oyambitsidwa ndi Borrelia recurrentis. Amenewa amatikhudza mwanjira ina. Timati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo zoonadi tonse tikudziwa kuiswa pakati pa zikhadabo ziwiri mpaka kumveka kuti thu. Kachilombo ka matenda amenewa kamatuluka pomwepo, m'madzi a nsabwe yoswedwayo, n'kulowa pakhungu lokandika.

Phindu la kumwa kamodzi limaoneka pa msasa. Namwino amapereka makapisozi awiri ndi kapu ya madzi, amaonerera wodwala akumeza, n'kupita kwa wina. Palibe zoti wodwala aiwala, agawana ndi mnzake kapena agulitsa otsala. Pamene zinthu zili bwino, malangizo a masiku ano amati munthu wamkulu amwe mamiligalamu 100 kawiri patsiku kwa masiku 7 mpaka 10, kapena apitirize masiku angapo thupi litazizira. Kamodzi kaja n'ka pa mliri.

Burundi ndiye anali mayeso aakulu. Nkhondo imene inayamba mu October 1993 inathamangitsira anthu oposa 700,000 m'misasa ya m'mapiri. Pofika September 1997 odwala typhus olembedwa m'kaundula anali 45,558. Gulu la Didier Raoult la ku Marseille linatsimikizira matendawo poyeza magazi komanso nsabwe zenizenizo, zimene zinkatoledwa m'zovala n'kutumizidwa ku France. Mliriwo unazilala pamene anaphatikiza doxycycline kwa odwala ndi ufa wopha nsabwe wa permethrin wothira m'zovala.

Pa mliri womwewo panachitika imfa imene madokotala amaikumbukirabe. Namwino wa Red Cross amene ankagwira ntchito m'ndende ya ku Ngozi anabwerera kwawo ku Switzerland mu 1995 akudwala. Anagonekedwa m'chipatala chokhala ndi zipangizo zonse. Madokotala anaganizira typhoid, n'kumupatsa ciprofloxacin. Anamwalira, ndipo zoti inali typhus zinadziwika atapita kale. Ciprofloxacin m'labotale amaoneka ngati akufooketsa rickettsia, koma mwa munthu sanathandize. Azithromycin nayenso analephera mwa odwala ena ku Croatia. Ku Laos, kafukufuku wochita maere wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti pa typhus ya utitiri doxycycline amaposa azithromycin kutali. Pa ya tinthata zinasiyana: kafukufuku wamkulu wa ku India wa 2023 anapeza kuti kwa odwala kwambiri kuphatikiza awiriwa kumathandiza kuposa mmodzi. Pa typhus ya nsabwe kafukufuku wamkulu wotere n'ngovuta kuchita, popeza imabuka pakati pa nkhondo ndi chipwirikiti, komanso palibe dokotala angavomere kumana wodwala mankhwala amene akudziwa kuti amachiza.

Makolo ena amadziwa kuti tetracycline amathimbiriritsa mano a ana. Zinali zoona pa mankhwala akale aja. Pa doxycycline womwa masiku ochepa, kafukufuku wa bungwe la CDC la ku America wa 2015 sanapeze kuthimbirira kulikonse, ndipo tsopano amaperekedwa kwa ana a msinkhu uliwonse akaganiziridwa matenda a rickettsia. Kwa amayi oyembekezera dokotala ndiye amayeza ubwino ndi kuipa kwake. Womwa ameze ndi madzi ambiri ndipo asagone nthawi yomweyo, chifukwa kapisozi akaima pammero amawotcha.

Mankhwala onsewa ali ndi malire amodzi: amaimitsa tizilombo kuswana, chitetezo cha m'thupi n'kumalizitsa, koma tina tikhoza kubisala. Nathan Brill anaona ku New York, cha m'ma 1910, anthu ochokera kum'mawa kwa Ulaya akudwala typhus yofatsa popanda nsabwe. Hans Zinsser anafotokoza mu 1934 kuti anali matenda akale akudzuka. Munthu amene anadwala ali mnyamata akhoza kudwalanso atakalamba, thupi likafooka ndi njala kapena matenda ena, ndipo ngati pa nthawiyo ali ndi nsabwe, mliri umayambira pa iye.

Zikutikhudza bwanji ku Zomba

Sindikunena kuti typhus yabuka ku Zomba. Ndikunena kuti zimene imafuna timazidziwa. June ndi July kuno kumazizira, makamaka chiperoni chikatsika m'phiri, ndipo wopanda bulangete amagona ndi zovala zonse zimene ali nazo. Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935 ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikusunga akaidi ozungulira 2,000, kuposa kutali amene inamangidwira. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende za dziko lino n'kuphwanya ufulu wa anthu, ndipo linapereka miyezi 18 kuti boma lichepetse ndi theka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 a m'chigawo chakummwera opanda pokhala, ndipo m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa mabanja anagona m'makalasi ndi m'matchalitchi, ambiri atathawa ndi chovala cha pathupi chokha. Ku Rwanda, dziko la mtendere pa nthawiyo, typhus inabuka mu 2012 pa malo osungirako achinyamata, osati pa bwalo la nkhondo.

Tsopano taganizirani m'mene zimayendera munthu akatentha thupi. Amafika pachipatala chaching'ono, amabayidwa pachala, amadikira mphindi 15 kapena 20, kamzere n'kutuluka kamodzi. “Malungo mulibe, bambo.” Chotsatira nthawi zambiri ndi panado ndi amoxicillin kapena bactrim, ndipo akaganiziridwa typhoid amapatsidwa ciprofloxacin, popeza typhoid ya kuno inasiya kumva chloramphenicol, ku Blantyre mtundu wosamva mankhwalawu unafalikira kuyambira 2011. Atatu onsewa pa typhus ndi olakwika. Amoxicillin safika, ciprofloxacin analephera, ndipo bactrim ali m'banja la sulfa lija. Kale, dokotala wolakwitsa typhus n'kuitcha typhoid ankachizabe mwangozi, chifukwa chloramphenicol ankagwira zonse ziwiri. Mwayi umenewo unatha. (Amene mumamwa bactrim tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV musasiye, amakutetezani ku matenda ena, ndipo nkhani ino ndi ya kuchiza typhus basi.)

Kuyeza magazi sikupulumutsa msanga. Njira yakale ya Weil-Felix, ya mu 1916, imanama kawirikawiri. Njira zabwinopo zimayang'ana asilikali a m'thupi, amene amaoneka sabata yachiwiri, pamene wodwala wachira kale kapena wapita. Njira ya PCR, yoyang'ana majini, imapeza kachilomboko msanga koma imafuna labotale yaikulu. N'chifukwa chake malangizo onse amanena chimodzi: ukaganizira typhus, pereka doxycycline lero, zotsatira zidzakupeza. Thupi likapanda kuzizira pakatha masiku atatu, ganizira matenda ena. Ndipo choganizitsa typhus sichili m'magazi koma m'mafunso: wodwala akuchokera kuti, akugona ndi anthu angati, enanso akudwala chimodzimodzi? Kenako kutembenuza kolala n'kuyang'ana msoko. Ine ndikuona kuti kwa azaumoyo a m'ndende, m'misasa ndi m'malo ogona ana asukulu, chizolowezi chimenechi n'chofunika kuposa makina ambiri odula. Nzeru yomweyi imathandiza pa matenda achibale ofala ndi nkhupakupa za ng'ombe, oyambitsidwa ndi Rickettsia africae, amene amapezeka m'chigawo chino cha Africa ndipo amamvanso doxycycline.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense wotentha thupi athamangire kugolosale kukagula makapisozi. Malungo, chibayo ndi matenda oumitsa khosi amapha msanga ndipo ali ndi mankhwala awo, komanso kumwa maantibayotiki mwachisawawa ndi kumene kunatithera chloramphenicol pa typhoid.

Ndipo kapisozi amachiza munthu, nsabwe n'kutsala mumsoko. Zimafa ndi kutentha: kuviika zovala ndi zofunda m'madzi otentha madigiri 60 kapena kuziwiritsa, kenako kusita ndi ayironi ya makala, kukanikiza bwino m'misoko momwe muli mazira. Kuchapa ndi madzi ozizira ndi sopo kokha sikupha mazira onse. Pamene nkhuni zili zosowa, kumanga zovala m'thumba la pulasitiki kwa masabata awiri kumapha nsabwe ndi njala, koma zimenezo zimafuna kuti munthuyo akhale ndi china chovala. Pa anthu ambiri nthawi imodzi amathira ufa wa permethrin m'khosi, m'manja a malaya ndi m'chiuno, munthu ali chivalire. Madokotala a ku Marseille anayesanso njira ina pakati pa anthu osowa pokhala: kuwamwetsa ivermectin katatu, sabata ndi sabata, kuti nsabwe ikayamwa magazi ife. Pakutha masabata awiri nsabwe zimene anaziwerenga m'zovala za anthuwo zinatsika kuchoka pa 1,898 kufika pa 6. Atabwerako patapita mwezi ndi theka, anthu oposa theka anali nazonso.